Tepi Imene Ndinaiwamba ku Gorbals

Chisomo ndi Tadala, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito zimene ndagwira, poti tsopano ndinapuma ndipo ndimangotsekereza amayi anu njira m'nyumba. Za ubwana wanga ku Ntcheu sindilemba, munazimva mpaka kutopa nazo. Ndilemba za matepi, chifukwa moyo wanga wapita ndi matepi, makamaka za tepi imodzi imene munali mawu a mayi wina woimba wa ku America amene sindinamuonepo. Tepi imeneyo inalipo imodzi yokha padziko lonse, ndipo inafera m'manja mwanga. Amayi anu nkhaniyi akuidziwa, inu ndinakubisirani.

1978 mpaka 2004, Blantyre

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku wayilesi, m'chipinda chosungira zimbale ndi matepi. Matepi a nthawi imeneyo sanali timakaseti tija munkaseweretsa inu. Anali akuluakulu, okulungidwa pa gudumu lofanana ndi mbale yodyera, ndipo ukafuna kuchotsa mawu olakwika unkadula tepiyo ndi lumo n'kuilumikizanso ndi kapepala komata. Bwana wanga woyamba anali mkulu wina wa ku Nkhotakota amene sindinawaonepo mano ake. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Mnyamata iwe, kudula aliyense amadula. Ine ndikufuna kuti pamene wadulapo, ngakhale mwini mawu asadziwe." Ndinaphunzira mpaka kuwaposa. Zaka zimenezo munthu ankatha kukhala wotchuka Lolemba, pofika Lachisanu dzina lake losatchulidwanso, ndiye matepi ankabwera kwa ine kuti ndichotse dzinalo. Ndinkachotsa mwaukhondo, mpweya wa wolankhulayo n'kuusiya pamalo pake. Sindikunyadira, koma dzanja langa linali labwino.

Chimene chinkasowa kwambiri ndi matepi enieniwo. Atsopano ankabwera mwa apo ndi apo, choncho tinkafufuta akale n'kujambulapo zina. Oimba bangwe ndi banjo amene anzathu ankawajambula m'midzi tinawafufuta ambiri kuti tijambulepo misonkhano. Mabokosi nawo tinkangosinthanitsa, moti lamulo loyamba m'chipinda chathu linali loti bokosi limanama, uziyang'ana tepi yeniyeniyo. Zimene sitinkafufuta ndi nyimbo za kantri, chifukwa makalata ozipempha ankabwera m'matumba, ochokera kwa aphunzitsi, asilikali, makalaliki a m'maesiteti a fodya, onse akufuna kumva mzungu akulira ndi gitala kuti mkazi wamuthawa. Inenso ndinkazikonda, sindibisa. Amayi anu ndinawakopa ndi nyimbo zimenezo, ndinkaziika pamwamba pa mulu kuti woulutsa ayambe nazo pa nthawi imene iwo ankaweruka kuchipatala.

2005 mpaka 2009, Easterhouse

Amayi anu ndiwo anatsogola kubwera kuno ku Glasgow, pamene zipatala za kuno zinkatenga anamwino kwathu. Ine ndinatsatira ndi inu chaka chotsatira, n'kudzafikira m'kanyumba kaja ka pa nsanjika yachitatu ku Easterhouse, kamene khoma lake linkachita nkhungu. Munthu amene ndinali ndi kiyi wanga wa situdiyo ndinayamba kukolopa maofesi, kenako kulongedza makatoni m'nyumba yosungira katundu. Zaka zinayi zimenezo ndinali munthu wowawa mtima, ndipo ndikudziwa kuti munazionera pa nkhope yanga. Inu munkabwera kusukulu mukulankhula Chingerezi cha kuno chimene sindinkamva, ndikakufunsani m'Chichewa mukuyankha m'chimenecho. Malo okhawo amene ndinkaoneka ngati munthu wodziwa kanthu anali kutchalitchi, kumene ndinkakonza zokuzira mawu. Kumeneko ndi kumene mkulu wampingo wina anandiuza kuti ku Gorbals, dera lina la mu mzinda womwewu, kuli nkhalamba ina ikufuna munthu wodziwa matepi a magudumu, ndipo yasowa, chifukwa odziwa onse anafa kapena anapuma.

2009, Gorbals

Malowo anali pansi pa mlatho wa njanji, chipinda cha njerwa chopanda zenera, sitima ikadutsa makapu ankagwedezeka. Mwini wake anali a Alec Rennie, munthu wamtali wowonda wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wosuta fodya kwambiri. Sanandifunse mapepala. Anandipatsa tepi yoduka ndi lumo, iwo n'kupita kukawiritsa tiyi. Atabwerako anaimvetsera kawiri, akufunafuna pamene ndalumikiza, osapapeza. Anangoti, "Ubwere Lolemba, Wyson. Uvale juzi ziwiri."

Ntchito yotidyetsa inali yosamutsa makaseti ndi mavidiyo akale a anthu kuwaika pa zimbale. Mabanja a ku Pollokshields ankabwera ndi mavidiyo a maukwati otenga masiku atatu, ndipo ndinaonera maukwati a anthu osawadziwa ochuluka kuposa amene ndinapitako. Koma kukhoma lakumbuyo kunali mashelefu a matepi a magudumu oposa mazana atatu, amene a Rennie sankalola kasitomala kuwayandikira. Tsiku lina anandimva ndikung'ung'udza nyimbo ya kantri, anaima n'kundifunsa kumene ndinaimva. Nditawauza kuti kwathu nyimbo zimenezi amaimba ndi oyendetsa minibasi omwe, anakhala pansi, ndipo masana onse amenewo ntchito sinagwirike.

Iwo anapita ku America ali mnyamata kukakonza mathirakitala m'chigawo chotchedwa Iowa, dziko la chimanga ndi nkhumba. Ine ndinkaganiza kuti kantri ndi ya anyamata okwera pa akavalo ovala zipewa zazikulu, koma iwo anandiseka. Anati ku Iowa ndi minda yokhayokha mpaka pamene maso alekezera. Anthu ake anachokera ku Germany, ku Norway, ku Ireland ndi maiko ena, aliyense ndi vayolini wake ndi magule a kwawo, ndipo akakolola ankavina Loweruka m'zinyumba zosungira udzu wa ng'ombe, magulewo n'kusakanikirana. Wayilesi itabwera, timatauni tating'ono tinali ndi nyumba zake zoulutsira mawu, zina eni ake anali ogulitsa mbewu amene ankatsatsa malonda awo pakati pa nyimbo. Oimba ake anali ana a alimi omwewo. Ankaimba pompopompo m'mamawa anthu akukama ng'ombe, kenako masana, madzulo n'kukwera galimoto kukaimba m'maholo ovinira ndi m'zionetsero za zaulimi. Palibe ankajambula, nyimbo ikatha yatha. Kenaka zimbale zitachuluka ndi wayilesi yakanema itafika, eni nyumbazo anaona kuti chimbale sichidwala ndiponso sichipempha malipiro, oimba aja n'kuwachotsa. Anabwerera kuminda, ena kukagwira ntchito kophera nkhumba, ndipo anthu anawaiwala. A Rennie anatha zaka pafupifupi makumi awiri akuyenda Loweruka lililonse ndi makina ojambulira, kusakasaka nkhalamba zimenezi, kuzijambula zikusimba ndi kuimba m'makhitchini mwawo, ndi kukopera kalikonse kamene zinasunga. Atabwerera ku Glasgow anabwera nazo zonse. Ndiye mbiri ya nyimbo za chigawo chonsecho inali pansi pa njanji ku Gorbals, madzi akudontha pambali pake.

Ndikamvetsera nkhalamba zimenezo ndinkakumbuka oimba bangwe amene ndinawafufuta, ndipo ndinkachita manyazi. Munthu mmodzi wokonza mathirakitala anasunga za eni ake, ife amene tinkalipidwa kuti tisunge zathu tinajambulapo misonkhano.

Mmodzi mwa oimba a m'mamawa aja anali mtsikana wotchedwa Marjorie, amene pambuyo pake anakhala mkazi wa a Rennie. Anaimba pa wayilesi zaka zitatu, ndipo tsiku lomaliza, atawauza kuti ntchito yatha, mmisiri wa pamenepo anamujambulira pulogalamu yonse pa tepi n'kumupatsa kuti azikumbukira. Kuyambira pamenepo sanaimbenso, ngakhale kutchalitchi ankangoyendetsa milomo, ndipo tepiyo analetsa kuti isaseweredwe m'nyumba. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Jean, anakula osamvapo amayi ake akuimba. Mayi Marjorie anamwalira kuno ku Glasgow Jean ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinawafunsa a Rennie kuti tepiyo ili shelefu iti.

"Ili kunyumba. Imeneyo tidzaigwira pomaliza, ndidzabwera nayo ndekha."

"Koma bwana, mwakopera maukwati a tauni yonse, ya akazi anu osaikopera?"

"Ndikaiika pa makina ndiye kuti ndiimva," anatero. "Sindinakonzeke."

Apo n'kuti patapita zaka zoposa makumi awiri mayiwo atamwalira, ndipo sindinafunsenso.

2013

Chaka chimenecho a Rennie anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Chaka chomwecho laibulale ya koleji ina ku Iowa inavomera kulandira matepi onse, ikapatsidwa atasamutsidwa pa kompyuta, ndi kaundula wonena kuti tepi iliyonse muli ndani, akuimba chiyani, anajambulidwa kuti. Tinayamba kuthamanga ndi nthawi. Iwo ankakhala pampando atafunda bulangeti, ine ndikuseweretsa, ndipo ankatchula woimba aliyense asanamalize mzere woyamba, mudzi wake, ngakhale dzina la galu amene akuuwa kumbuyo. Ine ndinkalemba.

Vuto linali chinyontho. Apa mumvetse bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Matepi a magudumu ali mitundu iwiri. A zaka za m'ma 1970, amene anali ochuluka pa mashelefu athu, akakoka chinyontho amachita ulimbo, ukawaseweretsa amalira n'kumatirira pa makina. Mankhwala ake ndi kuwawamba, monga timawambira ng'oma, pa kutentha pang'ono kosawotcha dzanja, kwa tsiku limodzi basi. Ife tinkawambira m'makina oumitsira zipatso, olowa matepi asanu. Koma matepi akale kwambiri, a m'ma 1950, anapangidwa ndi zina, ndipo amenewo sawambidwa, kutentha kumawapha. Kuwasiyanitsa n'kosavuta. Umatulutsa gudumu m'bokosi n'kuliyang'anitsa ku getsi, kuwala kukadutsa ndiye kuti ndi yakale, usaiwambe. Ikayamba kuwonongeka imanunkhanso viniga. Ntchito ya masekondi awiri, ndipo ndinaichita pa tepi iliyonse kwa miyezi isanu ndi itatu.

February 2014

Pofika mwezi umenewu a Rennie anali atagonekedwa m'nyumba yosamalira odwala amene madokotala awalephera. Ndinatsala ndekha, matepi makumi anayi asanathe. Lachisanu lina masana Jean anabwera ndi jumbo ya matepi khumi amene anawapeza pokonza m'nyumba ya bambo ake. Anali mayi wa zaka zoposa makumi anayi, wotopa, galimoto anaisiya polakwika, anangoika jumboyo patebulo n'kuthamanga. Mabokosi onse khumi anali amtundu umodzi, aja a m'ma 1970 amene ndinali nditagwira mazana. Ndinali ndi chimfine cha masiku anayi, mphuno zotsekeka. Ndinatenga asanu a pamwamba, kutulutsa magudumu, kuwaika m'makina. Sindinayang'anitse ku getsi ngakhale limodzi. Ine amene ndinaphunzitsidwa ndili mnyamata kuti bokosi limanama, ndinakhulupirira bokosi.

Pali chinanso. Kawotchi kozimitsa makinawo kanali katafa mwezi wapitawo, ndipo m'malo mogula kena ndinalumikiza mawaya mwachindunji, monga tinkachitira kwathu, kuti ndizizimitsa ndekha. Ndinati ndibwera Loweruka m'mawa. Koma Lachisanu lomwelo madzulo tinamva kuti m'bale wina wa kumpingo, Mmalawi mnzathu wa ku Easterhouse komweko, wamwalira mwadzidzidzi. Mukudziwa mmene timachitira, maliro sapempheredwa tchuthi. Loweruka ndi Lamlungu ndinali panyumba ya ofedwa, kulandira anthu, kunyamula mipando, kukambirana zotumiza thupi kumudzi. Za makina ndinazikumbukira Lolemba m'basi.

Matepi anayi anali bwinobwino. Yachisanu inali itapindika m'mphepete ngati tsamba la fodya louma, ndipo nditaikhudza inathothoka fumbi lofiirira. Ndinatenga bokosi lake. Kunja kunalibe cholembedwa, koma m'kati mwa chivundikiro munali dzanja la a Rennie: Marjorie, m'mawa womaliza. Bokosi lake lenileni linali litang'ambika kalekale, iwo n'kuisamutsira m'bokosi labwino kuposa onse amene anali nawo. Ndinakhala pansi pa simenti, sitima zikudutsa pamwamba, sindikudziwa kuti zingati.

Masiku atatu ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Tepiyo inkaduka ndikangoikoka, ndipo mbali yosunga mawu inali itasupuka. Kokha kamene kanapulumuka ndi kachidutswa ka m'kati, pafupi ndi pakati pa gudumu, kumene kunali chiyambi cha pulogalamu. Munali masekondi khumi ndi asanu ndi anayi. Mwamuna woulutsa akupereka moni kwa alimi, akunena kuti kunja kukuzizira, kenako akuti tsopano mtsikana wathu Marjorie atiimbira. Gitala inalira kamodzi, munthu anakoka mpweya kuti ayambe, n'kuthera pomwepo.

March 2014

Mlungu womwewo Jean anandiimbira foni. Anati bambo ake akuti tsopano akonzeka, akufuna kumva tepi ya amayi, ndipo akuti ili m'jumbo ija. Anati adokotala akunena za masabata, osati miyezi. Ndinayankha kuti ndikuikonza.

Ndinawauza amayi anu ali kukhitchini, atangoweruka shifiti ya m'mawa, yunifolomu asanavule. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye mupita liti kukawauza?"

"Mayi a Chisomo, munthu ali pa mphasa. Kwathu wodwala chonchi sauzidwa zoipa. Amalume aja anamwalira osadziwa kuti mwana wawo anatsogola, ndipo tonse tinati tachita bwino."

"Kumeneko ndi kwathu. Kuno ine ndimaona tsiku ndi tsiku pa wodi, anthu awa amafuna kuuzidwa, ngakhale zowawa. Mukawabisira amaona ngati mwawayesa mwana."

"Ndiye ndipite ndikamuuze munthu woti afa mawa kuti akazi ake ndawapha kachiwiri?"

"Bambo a Chisomo," anatero akuvula nsapato, "inu mukuopa kuwapweteka iwo, kapena mukuopa nkhope yanu?"

Ndinapsa mtima n'kutuluka. Funso limenelo mpaka lero sindinaliyankhe bwino. Ndikhulupirira kuti zonse ziwiri zinalipo, ndipo mwambo wa kwathu ndinauthawira chifukwa unali pafupi.

Pa mashelefu paja panali tepi nambala 88, ya mayi wina dzina lake Wilma, amene ankaimba pa wayilesi yomweyo zaka zomwezo, ndi gulu lomwelo la oimba. A Rennie anakopera nyimbo zake zitatu za utsikana pamene anakamuchezera. Tinaimvetsera limodzi chaka chapitacho, koma ndinadziuza kuti munthu amene akumwa mankhwala amphamvu chonchi, amene mawu a akazi ake akuimba anawamva komaliza kalekale, sangasiyanitse. Ndinatenga masekondi aja a woulutsa, mpaka pa kulira kwa gitala ndi mpweya wa mayi Marjorie, n'kulumikiza ndi mawu oyamba a Wilma. Ndinafananiza phokoso la kumbuyo, ndinakweza liwiro pang'ono kuti magitala agwirizane. Inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, ndipo ndinaigwira ndikunyansidwa nayo. Ndinaiika pa chimbale, pachikuto n'kulemba ndi dzanja langa kuti Marjorie.

Ndinapita Lachinayi masana. Chipinda chawo chinali ndi zenera loyang'ana pa kapinga, mvula ikuwaza. A Rennie anali atatha, manja okhaokha ndi maso. Jean anakhala pambali pa bedi. Ndinaika chimbalecho m'kawayilesi kamene ndinabwera nako. Woulutsa atatchula dzina la Marjorie, a Rennie anatseka maso. Gitala inalira, mpweya uja unamveka, nyimbo n'kuyamba. Sipanathe mzere umodzi, anatsegula maso n'kundiyang'ana. Sanakwiye, anangondiyang'ana. Koma Jean anali atagwira pakamwa, misozi ikutsika, akunena motsitsa kuti, "Amayi. Adadi, amenewa ndi amayi." Anagoneka mutu pa dzanja la bambo ake, ndipo iwo anachotsa maso pa ine n'kumusisita tsitsi mpaka nyimbo zonse zitatu zinatha.

Ndikunyamuka anati, "Chimbalecho usiye pano, Wyson. Matepi atsala angati?"

"Khumi ndi awiri, bwana."

"Umalize."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandilankhula. Ndinatuluka ndikudziuza kuti mwina sanazindikire, kuti mwina kuyang'ana kuja kunali kuthokoza. Ndinadzinamiza choncho masiku khumi ndi limodzi.

April 2014

Pa maliro awo Jean anaseweretsa nyimbo yoyamba ija bokosi likulowa, ndipo anauza anthu kuti awa ndi mawu a amayi ake, amene anapulumutsidwa ndi a Wyson akhala apowo. Anthu anatembenuka kundiyang'ana mwaulemu. Amayi anu anali pambali panga, sanandiyang'ane. Titatuluka Jean anandipatsa envelopu yomata, anati bambo ake anamuuza kuti andipatse ine ndekha. Ndinaitsegula m'basi. Munali chikuto cha chimbale chija. Dzina la Marjorie linali litakhwatchidwa ndi mzere wokhotakhota, pansi pake n'kulembedwa ndi dzanja la a Rennie kuti Wilma, tepi 88. Kuseri analemba mizere iwiri. Woyamba unkati Jean usamuuze, wapeza amayi ake. Wachiwiri unkati ku Iowa ulembe zoona.

Ndinamaliza matepi khumi ndi awiri aja, ndipo mwezi wa June zonse zinatumizidwa. M'kaundula, pa tepi yomaliza, ndinalemba kuti Marjorie Rennie, woimba wa pulogalamu ya m'mawa, mawu a woulutsa okha ndi mpweya umodzi, zotsala zinawonongeka powamba molakwika, wolakwitsa W. Kamwendo. Mkulu wa laibulaleyo anandilembera kalata yothokoza, anati ntchito ya a Rennie yabwezera maina a oimba ambiri amene chigawo chawo chinawaiwala. Onse ali ndi mawu awo kumeneko, oliza vayolini, oimba m'makhitchini, Wilma yemwe. Amene alibe ndi mkazi wa munthu amene anawasonkhanitsa.

Malo a pansi pa njanji aja anatsekedwa, tsopano amakonzeramo matayala. Ine ndinapeza ntchito yosamalira sukulu ina ya pulayimale, kutsegula zipata ndi kuthira mchere m'njira kuti zisamaterere nthawi ya chisanu, mpaka ndinapuma mu 2022. Za kumeneko palibe choti ndilembe, ana anali abwino ndipo palibe chimene ndinawononga.

Chaka chatha

Kaundula uja aliyense angathe kumuwerenga pa intaneti, ndipo kwa zaka zonsezi ndakhala ndikudikira foni ya Jean. Sinabwere. Amayi anu amati ndipite ndikamuuze ndekha asanazipeze, ine ndimati bambo ake anandiletsa, iwo amati bambo akewo anagwidwa njakata ndi bodza langa, sanasankhe. Akunena zoona. Munthu uja anadikira zaka zonsezo kuti amve akazi ake kamodzi asanafe, ine n'kumubweretsera mkazi wina, n'kumusiyanso kuti anamize mwana wake ali pa bedi la imfa. Zimenezi zimandiwawa tsiku lililonse, ndipo ndafuna kuti muzimve kwa ine, osati kwa wina.

Mwezi wa November ndinakumana naye Jean pamalo okwerera basi m'tauni. Tsitsi lake layera. Anandikumbatira, anandifunsa za inu, kenako anatulutsa foni. Anati mdzukulu wake, amene anamutcha dzina loti Marjorie, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo amaimba kusukulu, waphunzira nyimbo zonse zitatu za pa chimbale chija. Anandiikira foniyo kukhutu, kamwanako kakuimba nyimbo ya Wilma mokoma ndithu. Ndinali nditakonza mawu anga kwa zaka khumi, ndipo anali pakamwa.

"Mukumva, a Wyson?" anatero. "Aliyense akuti watengera mawu a amayi anga. Inu ndi amene mumawadziwa bwino mawu amenewo. Akufanana, eti?"

Basi yanga inali itaima, anthu akukwera. Ndinati inde, akufanana.